Mafuta Ochokera kwa Apongozi a Rozina

Lolemba

Kuzizira! Nkhungu yatsika m'phiri mpaka pakhonde, mbuzi zikukana kutuluka m'khola. Tonse m'nyumba muno tatuwa mbuu ngati tagona paphulusa. Ndiye Loweruka likubwerali kuli ukwati wa Rozina.

Rozina ndi mng'ono wanga, chitsirizira. Mayi anatisiya iye asanayambe n'komwe sukulu, wakulira m'manja mwangamu. Akukwatiwa ndi Alufeyo, mnyamata wa ku Lilongwe wokonza zamagetsi. Mnyamatayo alibe vuto. Vuto lafika lero m'mawa ndi wakabaza wochokera ku Chimbiya, lokulungidwa m'nyuzipepala.

Kabotolo ka mafuta odzola kumaso. Chivindikiro chagolide. Fungo lake, iii, ngati wadutsana ndi mkazi wa nduna. Atumiza ndi apongozi ake a Rozina, mayi ake a Alufeyo, pamodzi ndi uthenga wa pafoni: "Mwana wanga adzole awa pa tsiku lake kuti awale. Ndikadzamukumbatira ndidzamve fungo lake."

Rozina akuvina. Ine mtima uli m'mwamba.

Khungu la Rozina ndimalidziwa kuposa dimba langa. Sabata ya Ulimbitso wake munthu wina wachifundo anamupatsa sopo wonunkhira. Anadzuka nkhope itatupa, maso atatsekeka ngati kamwana ka mphaka. Pa chithunzi cha tsiku limenelo ana onse akumwetulira, Rozina akuoneka ngati akuchokera kofula njuchi. Chiyambire pamenepo amadzola mafuta amtundu umodzi basi, opanda fungo aja a pagolosale.

Ndamukumbutsa. Iye: "Asisi, zimenezo n'zakale. Werengani pabotolopo, alemba kuti anayesedwa!"

Zimene alemba, m'Chizungu:
- liwu lalitali ngati sitima ya pamtunda, loyamba ndi "dema", kenako liwu lotanthauza kuti anayesedwa
- ngoyenera khungu losachedwa kuyabwa
- muli zinthu zachilengedwe
- tizilembo tina tating'onoting'ono, toti awerenge ndi nyerere

Bambo a Tadala, amuna anga, anagwirapo ulonda mumzinda, ndiye amati Chizungu cha m'nyumba muno n'chawo. Atenga kabotolo, akatalikitsa, akasendeza pafupi, atsokomola. "Dema ndi dzina la dokotala amene anayesa. Dokotala Dema. Ayenera kuti ndi wakunja."

Chabwino, anayesa. Nanga anapeza chiyani? Ine mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kawiri, kawiri konse dzina langa silinatuluke. Koma wina atafunsa, kuyesedwa ndinayesedwa!

Kukana mphatso ya apongozi ukwati usanachitike, ndiye kuti mwana walowa m'banja ndi mlandu. Kudzola osadziwa, tikhoza kukaimika dzungu kuguwa.

Dongosolo langa:
1. Kumvetsa kuti "anayesedwa" akutanthauza chiyani.
2. Kuyesa ndekha, konkuno.
3. Lachisanu kupereka chigamulo.

Zosavuta! Kabotolo ndakatsekera m'sutikesi, kiyi ali pakhosi pamodzi ndi kolona.

Lachiwiri

Ndili ku Linthipe ndi kabichi ndi mpiru. Mphepo ya pamsewu ikung'amba milomo. Kabotolo kali m'chikwama, ndakaveka sokosi.

Mwayi wanga! Abwera a nesi aja amagula mpiru kwa ine, amene amasankha masamba ngati akusankhira mwana wawo mkazi. Ndawaonetsa. Aseka mpaka kutsamira pa thumba la kabichi. Dokotala Dema kulibe! Liwu lalitalilo likungonena za khungu. Akuti mafutawa anayesedwa pakhungu la anthu, mwina pamaso pa katswiri wake.

Zimene ndamva, ndisanaiwale:
- Kayesedwe kake nthawi zambiri: amapaka pang'ono pamsana kapena pamkono pa anthu odzipereka, n'kumata, n'kudikira, kenako n'kuona ngati pafiira kapena patupa.
- Botolo silikunena kuti anthuwo anali angati. Odzaza tchalitchi? Alamu ake a mwini fakitale? Sitikudziwa.
- Silikunenanso kuti khungu lawo linali lotani, kapena kuti zinatha bwanji.
- Zoti "ngoyenera khungu losachedwa kuyabwa" ndi mawu a opangawo. Mwina achepetsadi zinthu zoyabwitsa. Koma si lumbiro.
- Sikuti akunama ayi, akutero a nesi. Kampani yolongosoka imayesadi. Kungoti mawuwo amalonjeza zochepa, ife ogula timamva zambiri.

Ndipo chachikulu: "Ngakhale onse oyesedwawo zinawayendera bwino, mng'ono wanuyo panalibepo. Mupakeni kadontho mkati mwa mkono, mwiniwakeyo, pasafike madzi masiku awiri. Pakafiira kapena pakayabwa, kumaso asayerekeze."

Ndawaonjezera mpiru wa basela.

Madzulo. Ndafika kunyumba mothamanga, Rozina kulibe! Azakhali athu amutenga kale, apita naye kwawo kuseri kwa Kasina ku malangizo a banja. Abwerako Lachisanu. Ndaimba foni, ayankha ndi azakhali omwewo.

"Namwali ali pa malangizo sagwira foni."

Ndafotokoza za mkono, za kadontho, za masiku awiri.

"Diresi lake ndi la manja aafupi. Ukufuna akaime kuguwa ndi chigamba ngati chubu cha njinga? Usatisokoneze iwe, tili pa mutu wofunika."

Adula.

Chabwino. Dongosolo lasintha pang'ono. Mkono wa Rozina palibe, koma mikono m'mudzi muno ilipo yambiri. Wanga ndi wake ndi magazi amodzi. Ndikudziwa kuti a nesi anati mwiniwake. Koma a nesi ali ku Linthipe, ine ndili kuno.

Ndagula mapulasitala pagolosale. A nesi za pulasitala sanandilamule, koma ngati makampani amamata, ine ndine yani kuti ndisamate?

Bambo a Tadala ndawauza za Dokotala Dema. Akuti mwina anamwalira.

Lachitatu

Ofesi yatsegulidwa! Malo: pakhonde. Zida: kasupuni ka tiyi, mapulasitala, ndi ine.

Oyesedwa:
1. Ine ndemwe, m'malo mwa mkwatibwi.
2. Bambo a Tadala. Sanafunsidwe, angouzidwa. Khungu lawo ndi la ng'ombe yokoka ngolo, minga imathyokera panja. Koma mkono ndi mkono.
3. A Nabanda, oyandikana nawo nyumba. Anabwera kudzabwereka sefa, amva fungo, ndikutembenuka apinda kale dzanja la bulauzi.

Aliyense kadontho mkati mwa mkono, kumtunda kwa chigongono, pulasitala pamwamba. Malamulo: osasamba pamenepo, osakanda, osamatula mpaka Lachisanu. Lamulo loyambalo, ndi kuzizira kumeneku, palibe watsutsa.

Ndikumva ngati munthu wofunika. Ndaganiza zovala chovala choyera, koma choyera chimene ndili nacho ndi yunifomu ya kwaya.

Masana. Bambo a Tadala abwera kuchokera kudimba, mkono uli mbee, pulasitala palibe.

"Anamatuka ndikutunga madzi. Ndiye ndamumata pamene keni yothirira imadontha paja. Akugwira bwino kwambiri, ugulenso ena."

Ndawapakanso, ndawamatanso. Tayambiranso kuwerenga.

A Nabanda abweza sefa, masaya akuwala ngati galasi la nyali. Amatula, akanda kadontho kaja, adzola kumaso! "Pamkono aona ndani, mayi a Tadala?" Nawonso ndawapakanso. Atambasula dzanja lina, akuti m'khwapa mwina muli khungu losiyana.

Madzulo, kutchalitchi, kuphunzira nyimbo za ukwati. Tili pakati pa nyimbo yolowera, a Namaseko amene amatitsogolera aimitsa ndi dzanja. Anunkhiza kumanzere, anunkhiza kumanja. "Akununkhira ngati wotsika ndege ndani muno?"

Ndafotokoza zonse mwaulemu: kuti ndi kafukufuku, kuti n'zothandiza mkwatibwi, kuti anthu akachuluka zotsatira zimalimba. Mawu omalizawo ndikanawameza. Sindinadziwe kuti amayi a kwaya amakonda kafukufuku chonchi! Ndimafuna awiri kapena atatu. Atsatira kunyumba mzere wonse wa mawu oyamba ndi theka la mawu achiwiri. Kasupuni kasowa m'chipwirikiti, anthu akugwiritsa zala. Wina wapukutira chala chake kuseri kwa khutu. Wina wafunsa ngati kafukufuku amafikanso ku zidendene.

Mapulasitala atha. Mafuta afika pakati pa botolo.

Palibe vuto. Theka ndi lokwanira nkhope imodzi. Komanso sindikukhulupirira kuti kampaniyo inali ndi oyesedwa oimba bwino ngati anga.

Lachinayi

Tsiku loyamba bwino, lomaliza ndi manyazi.

Ndikusesa pabwalo, ndangoona a Nachisale, akazi awo a katekisiti, akubwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo, kayendedwe kopita pamaliro. Ndawayalira mkeka. Akana tiyi. A Nachisale kukana tiyi!

"Mayi a Tadala, ine sindikonda zomvaimva. Koma zikumveka kuti mwatsegula chipatala cha kulera pakhonde pano."

Tsache lagwa lokha.

Ndiye ndaona chimene sindinaone dzulo. Pulasitala mkati mwa mkono, kumtunda kwa chigongono. Ndi pomwe amamata amayi akaikitsa kolera ka pamkono kaja! Ndipo dzulo madzulo kwaya yonse yatuluka pakhomo panga mmodzimmodzi, aliyense wagwira mkono, akuseka chamseri. Kwaya ya tchalitchi!

Zimene zikuyenda m'mudzi pofika masana:
- ndalembedwa ntchito ndi bungwe lakunja
- bungwelo landilonjeza njinga yamoto
- kolera kanga n'katsopano, konunkhira
- dokotala wake ndi mzungu, dzina lake Dema (izi ndikudziwa kumene zachokera)

Kuti ndidziyeretse ndatulutsa kabotolo. A Nachisale awerenga, anunkhiza, atseka maso. Apisa chala. Apisanso chachiwiri. "Ndikufuna ndikawafotokozere bwino a katekisiti." Apisa chachitatu. Tiyi uja amulandira.

Atangochoka, amuna awo a mayi wina wa mawu achiwiri aima pampanda, chipewa m'manja. "Pepani mayi, ife tinagwirizana kuti tipumira pa mwana wachisanu ndi chimodzi. Muwachotse kolerako." Ndawafotokozera. Sanakhulupirire mpaka anunkhiza okha mkono wa akazi awo pamaso pa anthu. Pulasitala wachotsedwa pomwepo. Enanso atamva amatula, aliyense kwawo, mwakachetechete.

Bambo a Tadala abwera kuchokera ku bawo dzuwa likadali pamwamba, zimene sizinachitikepo. Anavula jekete kuti asewere bwino, anzawo aona mkono. Akuti wina anafuula kuti, "Amuna inu, boma layamba ndi uyu!" Bawo yonse inagwa ndi kuseka. Pulasitala amuponya m'ngalande. Sakundiyankhula. Akuyankhula ndi mbuzi kuti ine ndimve.

Ndimati zatha. Ayi! A Namaseko atulukira akuthamanga, akukanda khosi, mikono, msana, akudzikhula pa mtengo wa pichesi ngati nkhumba. "Mwandipha! Mafuta anu aja!"

Mtima wanga, ndinene zoona, unadumpha ndi chisangalalo. Zotsatira! Umboni!

Ndamatula pulasitala wawo. Pansi pake khungu lili bwinobwino, malo okhawo osayabwa thupi lonse. Ndafunsa kumene anali. Ku nkhuni, kutsidya kwa mtsinje. Pa chitenje chawo pali tiubweya tofiirira. Chitedze!

Tawapaka phulusa, asintha zovala. Ali mkati mokanda akuti, "Koma botolo lija alemba kuti zachilengedwe, ndiye sangayabwitse munthu." Ine: chitedze chimene mwavalachi anapanga ku fakitale iti?

Sanaseke.

Ndawapatsako mafuta pang'ono opepesera. Sindikufuna kuyang'ana m'botolo.

Lachisanu

Tsiku la chigamulo. Nazi zotsatira za kafukufuku wamkulu wa pakhonde:

- Bambo a Tadala: pulasitala woyamba ali pa keni, wachiwiri ali m'ngalande. Keni siikuyabwa.
- A Nabanda: sanasunge lamulo ngakhale limodzi. Adzola kumaso masiku onsewa. Nkhope ili see ngati ya mwana wa sukulu, amuna awo ayamba kubwera kunyumba msanga.
- Amayi a kwaya: anamatula dzulo chifukwa cha mbiri.
- A Namaseko: chitedze.
- A Nachisale: sanali m'gulu, koma ndi amene atenga ambiri.
- Ine: ndekha ndasunga malamulo onse. Osasamba, osakanda, ngakhale kuyambira dzulo pakunyereretsa.

Ndamatula pang'onopang'ono. Mayo! Pafiira psuu, tinsungu ndondondo, mzere wa makona anayi ngati chitseko. Koma pakati penipeni, pamene panali mafuta, poyera bwinobwino.

Ndajambula, ndatumizira a nesi. Ayankha ndi mawu, kumbuyo kukumveka anzawo akuseka. "Mayi, chakuyabwanicho ndi guluu wa pulasitala, si mafuta. Ndani anakuuzani zomata? Tsukanipo, musakande. Nanga mkwatibwi mkono wake uli bwanji?"

Sindinayankhe. Netiweki imavuta kuno.

Ndiye sabata yonseyi ndapeza chinthu chimodzi chotsimikizika: khungu langa silimvana ndi pulasitala wa pagolosale.

Masana Rozina wafika ndi azakhali. Wabwerako wofatsa, akuyenda maso pansi, akugwada popereka madzi. Malangizo agwira. Agwira mpaka pamene watsegula kabotolo.

Pansi pakuoneka. Otsalawo ngokwana kudzoza chikhadabo.

"Asisi. Mphatso yanga mwadzoza mudzi wonse?"

Ndayamba za a nesi, za makampani, za anthu odzipereka. Wandidula.

"Mumandiyesabe mwana. Mawa ndikalowa m'banja la eni, mayi aja akandifunsa ndikati chiyani? Kuti asisi anga anagawira kwaya?"

Walowa kuchipinda, akulira. Ine ndakhala pa mtondo panja. Zoseketsa zonse zandithera. Mwanayu mawa akuchoka pakhomo pano, sadzagonanso kuseri kwa khoma langa, ndipo tsiku lake lomaliza ndamuliza ndine. Ndimafuna ndimuteteze nkhope, ndamuchotsera ulemu kwa apongozi.

Patapita nthawi watuluka kudzatunga madzi osamba. Wandipeza ndikukanda. Wagwira mkono wanga, wauyang'anitsitsa, chitseko chofiira chija.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndiwe," ndatero. "Ndimayesa m'malo mwako."

Wayesa kulimba, milomo ikunjenjemera, kenako waphulika. Waseka mpaka kukhala pansi, ndowa yagubuduka. Azakhali atulukira pazenera: "Namwali saseka choncho!" Waseka kwambiri.

Atapuma akuti, "Za Ulimbitso zija ndimakumbuka, asisi. Kuyambira Lolemba ndikuopa. Ndimafuna mukanize ndinu, kuti mlandu usakhale wanga."

Mwana ameneyu!

Chigamulo: masiku awiri palibenso, ndiye kumaso sikupita chilichonse chachilendo. Adzola ake a masiku onse. Otsala m'botolo tawakokota ndi chala n'kupaka kunsi kwa maluwa apulasitiki amene adzanyamule. Adzavala magolovesi, sadzamukhudza. Apongozi anati akufuna kumva fungo. Adzalimva.

Loweruka

Kwacha bwino, nkhungu yachoka msanga ngati nayonso yaitanidwa.

Rozina! Nkhope yosalala, maso onse awiri otsegula. Polowa m'tchalitchi ndinayamba nyimbo bwinobwino, pofika pakati mawu anandithawa. A Namaseko andiponyera diso, nawonso akupukuta misozi, dzanja lina likukandabe m'khosi.

Ine ndavala bulauzi ya manja aatali. Bambo a Tadala jekete sakuvula ngakhale povina.

Maluwa akugwira ntchito mopitirira. Mkwatibwi akadutsa, mabenchi onse akutembenuka. Njuchi imodzi yawatsatira kuchokera pakhomo mpaka kuguwa, Alufeyo walumbira malumbiro ake diso limodzi lili pa njuchi.

Panja, apongozi. Mayi wamkulu bwino, chilundu chonyezimira, duku lalitali ngati mtolo. Atambasula manja, amukumbatira Rozina, maluwa ali pakati pawo. Akoka mpweya, atseka maso.

"Eyaa! Ndi amenewa. Taonani mmene akuwalira mwana wanga!"

Rozina wayang'ana pansi mwa ulemu wonse wa malangizo. Mapewa okha ndi amene akugwedezeka.

Kenako kwaya yadutsa pamzere kukapereka moni. Apongozi anunkhizanso, adabwa. "Kodi kunonso amafika mafutawa? Mudzi wotsogola uwu!" A Nachisale avomera ndi mutu ngati amagula mwezi uliwonse.

Kumadyerero andikhazika pafupi nawo, monga mayi wa mkwatibwi. Munthu wabwino, wocheza, nyama yake akundigawira. Tadya, taseka, ndayamba kumasuka. Ndiye aweramira kukhutu kwanga.

"Ndikuuzeni chinsinsi, asebele. Mafuta amene aja ndinagulira ine ndemwe. Ndinangodzola kamodzi, mmawa mwake nkhope yonse zidzolo, milomo ngati ya ng'ombe. Sabata yathunthu osatuluka m'nyumba! Ndiye ndinati asawonongeke, ndi odula, ndipatse mtsikanayu. Pajatu alemba kuti anayesedwa, vuto ndi khungu langa lokalambali."

Mpunga unaima pakhosi. A Nabanda, amene akuwala kuposa mkwatibwi, anandimenya pamsana.

Ndinafuna kunena zambiri. Zonse za a nesi zinafika pamlomo pamzere. Ndayang'ana Rozina uko akuvina ndi mwamuna wake, nkhope yake yabwinobwino. Ndati, "Ndi mwayi kuti amuyanja."

Ndipo ndinaiwala, ndinapinda dzanja la bulauzi n'kuyamba kukanda. Apongozi ayang'ana mkono, ayang'ana ine, agwedeza mutu mwachisoni. Ndabweza dzanja msanga.

Tavina mpaka fumbi. Zidendene zanga zang'ambikanso.

Lamulungu

Misa yoyamba. Theka la kwaya mawu asasa. A katekisiti polengeza anati akhristu tizipewa kufalitsa nkhani zopanda umboni, ndipo sanayang'ane munthu aliyense, makamaka akazi awo.

Nyumba ili zii. Mphasa ya Rozina ndaipinda, kenako ndaiyalanso, sindikudziwa chifukwa chake. Wanyamuka m'mawa ndi apongozi ake pa minibasi. Ndinalonjeza kuti sindilira pamsewu, ndipo sindinalire pamsewu, ndinalirira kuseri kwa mulu wa mbatatesi za eni.

Zimene ndatsala nazo:
- mapoto a eni ake osabweza
- amuna amene ayambanso kundiyankhula, koma za keni zokha
- dzina latsopano kumsika: adokotala
- mkono

Zimene ndaphunzira, ngati n'kuphunzira: mafuta amodzi omwewo, a Nabanda awasandutsa mtsikana, apongozi anawatsekera m'nyumba sabata. Botolo silinanamize aliyense. Linati anayesedwa, basi. Zinazo timaonjezera tokha. Ndipo munthu mmodzi yekha amene amayenera kuyesedwa sabata yonseyi ndi amene sanayesedwe.

Masana foni yalira. Rozina, akunong'ona, ndikumva kuti ali kubafa.

"Asisi, tafika. Koma mayi anagula mabotolo atatu nthawi imodzi. Botolo lachiwiri andipatsa pompano, akuti poti andiyanja."

Ndaimirira. Ndati mkati mwa mkono, kadontho, masiku awiri, pasafike madzi, ndipo usamate chilichonse, wamva? Pakafiira uwauze zoona, iwonso zinawachitikira, akumvetsa.

"Ndapaka kale pamkono. Ndinu amene mumachedwa."

Ndakhala pansi. Chabwino. Wakula.

Ndimati ndigoneko pang'ono, foni yaliranso. Uthenga wa apongozi.

"Asebele, zikomo potilandira bwino. Dzulo ndinaona mkono wanu, mtima unandipweteka. Botolo lachitatu ndakusungirani inuyo, alemba kuti ngoyenera khungu lovuta ngati lanulo. Lifika Lachiwiri pa Chimbiya. Muzidzola m'mawa ndi madzulo, ndidzaona ndikadzabwera."

Ndayankha kuti zikomo kwambiri, Mulungu awadalitse.

Ndikukanda.